Madokotala a Maphunziro Atasowa Mawu

Mayunivesite ambiri padziko lapansi tsopano akufuna kuti aphunzitsi awo aziphunzitsa m'Chingerezi, ngakhale m'mayiko amene Chingerezicho sichimveka pamsika kapena pamaliro. Sindikunena za phunziro la Chingerezi lenilenilo ayi. Ndikunena za mphunzitsi wa zaulimi, wa zamankhwala kapena wa zomangamanga, amene wakhala zaka khumi ndi zisanu akuphunzitsa m'chinenero china, kenaka n'kuuzidwa kuti kuyambira chaka chamawa zomwezo azizinena m'Chingerezi. Mu 2014 bungwe la British Council linatulutsa lipoti la Julie Dearden lomwe linaunika nkhaniyi m'mayiko 55. Lipotilo linaonetsa kuti mchitidwewu ukufalikira, koma m'mayiko ambiri aphunzitsi odziwa chinenerocho mokwanira ndi ochepa, ndipo maphunziro owakonzekeretsa ndi osowa.

Kwathu kuno zifukwa zofunira Chingerezi n'zosavuta kuzimvetsa. Mayiko asanu ndi limodzi amene tachita nawo malire, Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, onse amachigwiritsa ntchito m'maphunziro apamwamba. Mozambique inalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995 ngakhale kuti sinalamulidwepo ndi Britain. Zotsatira za kafukufuku watsopano wa sayansi zimasindikizidwa kwambiri m'Chingerezi, ndipo yunivesite yofuna ophunzira ochokera ku Lilongwe kapena ku Harare singawaitane m'Chipwitikizi. Ine sinditsutsana nazo zimenezi. Chingerezi chandidyetsa ine ndi ana anga.

Ndinabadwira ku Angónia, kufupi ndi malire. Nkhondo itafika m'midzi yathu tinathawira ku Dedza, monga anachitira anthu ochuluka a kwathu, ndipo sukulu ndinayambira kumeneko. Masiku amenewo ku Malawi makalasi anayi oyambirira ankaphunzitsidwa m'Chichewa, Chingerezi n'kutenga malo m'kalasi yachisanu. Tinabwerera kwathu pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la mu 1992, ndipo Chipwitikizi ndinachiphunzira ndili kale mnyamata wometa ndevu. Mbiri imeneyi ndi imene inachititsa kuti, patapita zaka zambiri ndikugwira ntchito yosula aphunzitsi a kupulayimale, ndipemphedwe kukathandiza pa maphunziro a masabata atatu pa yunivesite ina, okonzekeretsa aphunzitsi ake kuphunzitsa m'Chingerezi. Ankafuna munthu wodziwa zinenero zonse ziwiri komanso njira zophunzitsira. Zomwe ndinaona kumeneko ndikuganiza kuti zikukukhudzani inu kuposa mmene zinkawakhudzira eni akewo.

M'chipindamo munali anthu pafupifupi makumi awiri, ambiri a iwo ali ndi digiri ya udokotala. Ena anaphunzira ku Portugal, ena ku Brazil, ena ku Cuba. Chingerezi ankachiwerenga tsiku ndi tsiku, ena mpaka analembapo nkhani za kafukufuku m'chinenerocho. Sabata yoyamba aliyense anapemphedwa kuphunzitsa phunziro lake kwa mphindi khumi m'Chipwitikizi, mawa lake n'kuphunzitsanso lomwelo m'Chingerezi, ife tikujambula pafoni.

Bambo wina, katswiri wa zanthaka, anasankha kufotokoza chifukwa chake fetereza nthawi zina sagwira m'munda. M'Chipwitikizi anali munthu woti sungagone m'kalasi mwake. Ankayendayenda, manja ali m'mwamba, akutifunsa mmodzimmodzi zomwe makolo athu ankalima. Anafotokoza kuti nthaka ikakhala ndi asidi wambiri, chakudya cha mbewu chotchedwa fosiforasi chimamangika ndi zitsulo zina za m'nthakamo, mizu n'kulephera kuchiyamwa. Ataona kuti ena sitinamve, anaima n'kunena kuti zili ngati nkhokwe yodzaza ndi chimanga koma makwerero atabedwa: chakudya chilipo, ana akugona ndi njala. Laimu amene mlimi amathira m'munda, anatero, ndiye makwererowo. Tonse tinaseka, ndipo ine amene sindinaphunzirepo za nthaka ndimakumbukira phunzirolo mpaka lero.

Mawa lake bambo yemweyo anaima pamalo amodzi, pafupi ndi kompyuta, maso ali pa zolemba zomwe pulojekita inkaonetsa pakhoma. Anawerenga mzere ndi mzere. Galamala yake inali yabwino ndithu, ndipo mawu onse a sayansi anawatchula molondola. Koma sanafunse funso ngakhale limodzi, ndipo nkhokwe ija sinatchulidwe. Mphindi khumi zinatha ali pakati pa phunziro. Panthawi ya tiyi ndinamufunsa mwaulemu kuti, "A Dokotala, nanga makwerero aja mwawasiya kuti?" Anaseka pang'ono n'kuyankha kuti, "Achimwene, mawu oti nkhokwe m'Chingerezi sindikuwadziwa. Ndinaopa kuyamba nkhani yomwe sinditha kuimaliza." Za mafunso anati anasiya dala, poopa kuti wina angamuyankhe mofulumira iye osamva, n'kuchita manyazi pamaso pa anzake.

Taganizirani bwino chomwe chinatayika apa. Sayansi yonse inali m'mutu mwake monga dzulo. Mawu ovuta, a m'mabuku, anali nawo, pakuti ambiri amafanana m'zinenero ziwirizi chifukwa anachokera ku Chilatini ndi Chigiriki. Chomwe chinasowa ndi mawu ang'onoang'ono a pakhomo, a nkhokwe ndi makwerero, amene mphunzitsi amalumikizira chinthu chachilendo ndi chinthu chodziwika. Zinasowanso nthabwala, ndi kulimba mtima kolola wophunzira kuti akudule mawu. Kuphunzitsa kunathawa, kunatsala kuwerenga mokweza.

Zimenezi si za kwathu kokha. Ku Denmark, Jacob Thøgersen ndi John Airey anayerekeza maphunziro a sayansi a mphunzitsi mmodzi, ena m'Chidanishi ena m'Chingerezi, ndipo mu 2011 analemba kuti m'Chingerezi ankatenga nthawi yochuluka ndi 22 peresenti kuti amalize zomwezo, komanso kalankhulidwe kake kankakhala kouma, kofanana ndi ka m'buku. Zisanachitike izi, mu 2006, Airey yemweyo pamodzi ndi Cedric Linder anafufuza ophunzira a fizikisi ku Sweden. Ophunzirawo poyamba ankanena kuti chinenero sichikusintha kanthu. Koma ataonetsedwa makanema a makalasi awo, zinaoneka kuti m'Chingerezi ankafunsa ndi kuyankha mafunso ochepa, ndipo ena ankatanganidwa ndi kulemba manotsi m'malo motsatira ganizo la mphunzitsi. Awatu ndi anthu a m'mayiko amene ana amakula akumva Chingerezi pa wailesi yakanema tsiku lililonse.

Misampha ina inali yoseketsa, ina yoopsa. Mawu a Chipwitikizi oti "pretender" amatanthauza kufuna kuchita kanthu, koma "pretend" m'Chingerezi ndi kunamizira. Choncho mayi wina wophunzitsa zaumoyo anatiuza, nkhope ili gwa, kuti boma likunamizira kumanga zipatala. "Puxar" ndi kukoka, "push" ndi kukankha. Woopsa kwambiri unali wa manambala. Polemba 1.500, wa Chipwitikizi amawerenga chikwi chimodzi ndi mazana asanu, pomwe wa Chingerezi amawerenga chimodzi ndi theka, chifukwa ntchito ya kadontho ndi ya mpumiro n'zosinthana m'zinenero ziwirizi. Pa mlingo wa mankhwala kapena wa fetereza, kusiyana kumeneko kukhoza kupha munthu kapena kutentha munda.

Ndiye kodi madokotalawa tinawathandiza bwanji? Apa ndi pamene ndinayamba kumva ngati ndili ku ntchito yanga ya masiku onse. Tinawauza kuti azipereka mawu ofunika a phunziro kwa ophunzira tsiku lisanafike, ndi matanthauzo ake m'Chipwitikizi. Tinawauza kuti asalankhule ola lathunthu osapuma, koma aziduladula phunziro, n'kumalengeza poyera kuti apa tamaliza chakuti, tsopano tikulowa chakuti. Azijambula pabolodi. Akafunsa funso azidikira, aziwerenga chamumtima mpaka khumi, chifukwa wophunzira akumanga yankho kawiri, koyamba m'maganizo kenaka m'chinenero. Ophunzira azikambirana awiriawiri m'chinenero chilichonse chomwe akufuna asanayankhe pagulu. Mfundo ikakanika, mphunzitsi asachite manyazi kuifotokoza m'Chipwitikizi, kenaka n'kubwerera ku Chingerezi mfundoyo itamveka. Ndipo pochonga mayeso a zanthaka azichonga zanthaka, asamachotse malikisi chifukwa cha mneni wolakwika.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati njira zimenezi n'zofewetsa maphunziro kapena zochititsa ulesi. Onse anazilandira ndi manja awiri, ndipo yunivesite inalipira ndalama kuti aziphunzire. Ine ndinkaganiza za kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi ka ku Tsangano kapena ku Macanga, kolowa m'kalasi yoyamba kasanamvepo chiganizo chathunthu cha Chipwitikizi. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chinenero chawo choyamba sakwana mmodzi mwa asanu alionse m'dziko muno, ndipo ambiri a iwowo ali m'mizinda. Kamtsikanako kalibe dikishonale, kalibe kompyuta, kalibe masabata atatu okonzekera. Komanso pali kusiyana kwina kwakukulu kuposa kumeneku. Dokotala wa zanthaka uja anali kale ndi nzeru yonse, ankangosowa chotengera chatsopano. Mwana alibe zonse ziwiri. Akuyenera kuzindikira kuti zilembo zimaimira maliwu, kuti manambala amaphatikizidwa ndi kuchotsedwa, ndipo zonsezi azimve kudzera m'mawu amene sakuwadziwa. Chomwe tinaona kuti n'cholemera kwa munthu wa madigiri atatu, kwa zaka zambiri takhala tikusenzetsa mwana amene mano ake a mkaka sanaguluke, akalephera n'kumati ndi wosamva.

Tsiku lina ndinawafunsa madokotala aja kuti ndi angati amene anabadwira m'nyumba yolankhula Chipwitikizi. Anakweza manja atatu okha. Otsalawo anali a Chisena, Chinyungwe, Chindau, Chimakhuwa, Chichangana ndi Chinyanja, ndipo zinenero zimenezi ndi zomwe zinkamveka panthawi ya tiyi. Mayi wa zaumoyo uja anati iye sanalankhulepo m'kalasi mpaka atafika kalasi yachitatu. Ankangoyang'ana milomo ya anzake n'kumabwereza. Wina anati mwa ana onse amene anayamba nawo sukulu kumudzi kwawo, amene anafika kusekondale ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Mtsinje umenewu anauwolokapo kale ali ana, koma anali ataiwala kuzama kwake mpaka Chingerezi chitawabwezeramo. Ndimaona kuti vuto la nkhani ya zinenero m'maphunziro lagona pamenepa: amene amakhala pamisonkhano yokonza malamulo ndi aja anawoloka, ndipo mwachibadwa amaganiza kuti poti iwo anatha, aliyense angathe. Amene anatsala tsidya lija saitanidwa kumisonkhano.

Dziko la Rwanda likutionetsa zomwe zimachitika boma likafulumira. Mu Okutobala 2008 linalengeza kuti Chingerezi chilowa m'malo mwa Chifalansa monga chinenero chophunzitsira, kuyambira kupulayimale mpaka kuyunivesite. Aphunzitsi ambiri anali ataphunzira m'Chifalansa, choncho anatumizidwa ku maphunziro a Chingerezi panthawi ya tchuthi, ndipo pambuyo pake kunabwera alangizi, ena ochokera m'mayiko oyandikana nawo, oti aziwathandiza m'masukulu. Mu 2011 boma linabwezeretsa Chinyarwanda m'makalasi atatu oyambirira, koma kumapeto kwa 2019 linalamulanso kuti Chingerezi chiyambire m'kalasi yoyamba. Kusintha katatu m'zaka khumi ndi chimodzi, m'dziko limene pafupifupi aliyense amalankhula chinenero chimodzi. Lamulo limalembedwa tsiku limodzi, koma lilime la mphunzitsi silitembenuka ndi siginecha. Jim Cummins, katswiri wa ku Canada, anasiyanitsa chinenero chochezera ndi chinenero chophunzirira: choyambacho mwana wofika m'dziko lachilendo amachigwira m'zaka ngati ziwiri, koma chachiwiricho chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Ndipo iye ankanena za ana amene chinenero chatsopanocho amachimva paliponse, mumsewu ndi m'sitolo momwe.

Ife a ku Tete tili ndi mbiri yathu pankhaniyi, yomwe ndimafuna mphunzitsi aliyense wa zinenero ziwiri aziidziwa. Kuyesera koyamba kwa maphunziro otere m'sukulu za boma, pulojekiti ya PEBIMO, kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 m'zinenero ziwiri zokha: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja kuno ku Tete. Amene anaunika makalasiwo anaona ana akulankhula, akufunsa, akuyankha ndi mawu awoawo m'malo mongobwereza mwa chikhamu. Ndi chinthu chomwecho chimene chinasowa m'kalasi ya dokotala uja atalowa m'Chingerezi. Kuchokera pa kuyeseraku, maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kufalitsidwa mu 2003, m'zinenero 16. M'dongosolo la nthawi imeneyo mwana ankaphunzira m'chinenero chake makalasi atatu oyambirira, akumva ndi kulankhula Chipwitikizi ngati phunziro, ndipo m'kalasi yachinayi Chipwitikizi chinkayamba kukhala chophunzitsira. Mukayerekeza zaka zitatuzo ndi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri za Cummins, muona chifukwa chake mphunzitsi wa makalasi osinthira sayenera kutseka chitseko cha Chinyanja tsiku limodzi. Ufulu umene tinapatsa madokotala, wobwerera ku chinenero chodziwika mfundo ikakanika, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akuufuna koposa.

Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ikukuyang'anani inu mwachindunji, ndipo ambiri saiyembekezera. Inunso muli ngati madokotala aja, kungoti ulendo wanu ukulowera kwina. Masamu, sayansi ndi galamala munaziphunzira m'Chipwitikizi. Chinyanja ndi chanu, munayamwira, koma munachigwiritsa ntchito kudimba, kutchalitchi ndi pabwalo la mpira, osati pofotokoza magawo a nambala. Ndaona ophunzira uphunzitsi ambiri, olankhula Chinyanja chokoma kwambiri, akuima kakasi pabolodi atafunsidwa kufotokoza chifukwa chake timabwereka khumi pochotsera. Ena amathawira ku Chipwitikizi, ena amamasulira buku liwu ndi liwu mpaka kutuluka chiganizo choti agogo awo sangachizindikire. Kulankhula chinenero ndi kuphunzitsa m'chinenerocho ndi maluso awiri, ndipo lachiwirilo limafuna kulikonzekera ngakhale chinenerocho chikhale cha mayi ako.

N'chifukwa chake zochita za masabata atatu aja ndinabwera nazo kwa ophunzira anga osasintha zambiri. Aliyense amaphunzitsa mphindi khumi m'Chinyanja chokhachokha, mnzake akujambula pafoni, kenaka amaonera yekha n'kulemba malo onse amene anakakamira kapena kulumphira ku Chipwitikizi mosafuna. Malo amenewo ndiwo ntchito yake ya sabata imeneyo. Aliyense amasunga kope la mawu: kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa, zotsala, theka. Liwu likasowa, ayambe wayang'ana m'mabuku a ana a pulogalamuyi kuti kalasi yake isasiyane ndi makalasi ena. Likapanda kupezeka, afunse akuluakulu. Mlimi wa mbatata ya kachewere amasiyanitsa katondo, makande ndi dothi la mchenga popanda kutsegula buku, ndipo mayi wogulitsa tomato pamulu amachita masamu a kugawa tsiku lonse. Pamene palibiretu liwu, kubwereka si tchimo. Zinenero zonse zimabwereka, ndipo Chipwitikizi chenichenicho chinabwereka mawu ochuluka ku Chiarabu. Chofunika n'chakuti liwu lobwerekedwalo libwere mfundo itamveka kale, mwana ataigwira ndi timiyala kapena zitsekerero za mabotolo.

Makolo ena adzakufunsani kuti bwanji mukuphunzitsa mwana chinenero chomwe akuchidziwa kale, pomwe ntchito zili m'Chipwitikizi, ndipo masiku ano ena awonjezera kuti ngakhale kuyunivesite akuthamangira Chingerezi. Musawanyoze, chifukwa mantha awo ndi oona. Akufuna mwana wawo adzapeze zomwe iwo anasowa. Ine ndimawayankha ndi nkhani ya madokotala aja. Amene anapita patsogolo msanga pa masabata atatuwo sanali odziwa Chingerezi chambiri. Anali aja odziwa phunziro lawo mozama ndiponso ozolowera kulifotokoza m'njira zingapo, moti njira imodzi ikatsekeka ankadutsira ina. Chinenero chatsopano chinkapeza pogwira. Mwana amene wazindikira m'Chinyanja kuti chilembo chimaimira liwu sadzaphunziranso zimenezo kachiwiri akafika pa Chipwitikizi. Adzangophunzira zilembo ndi maliwu amene ndi achilendo, monga kusiyana kwa "r" ndi "l" kumene ife sitikulabadira koma kumasiyanitsa "caro" ndi "calo".

Nkhani imene inatenga nthawi yaitali kwambiri pa tsiku lomaliza inali ya mayeso. Ena ankati wophunzira amene waphunzitsidwa m'Chingerezi ayankhe m'Chingerezi basi. Mayi wa zaumoyo uja anakana. Anati iye akufuna kudziwa ngati namwino wa mawa akudziwa mlingo wa mankhwala, ndipo ngati yankho la m'Chipwitikizi lingamuonetse zimenezo bwino, alilandira. Anagwirizana kuti chaka choyamba mafunso azilembedwa m'zinenero zonse ziwiri, ndipo wophunzira azisankha choyankhira. Inunso mudzakhala ndi mayeso anuanu a m'kalasi, a pasabata ndi a pamwezi, amene palibe wina adzakulemberani. Mwana wa kalasi yachinayi akalephera funso la masamu lolembedwa m'Chipwitikizi, muitaneni pambali, mumuwerengere funso lomwelo m'Chinyanja, ndipo m'kaundula mwanu mulembe mayankho onse awiri, lililonse m'danga lake.